Golide wokwiriridwa wa masiku a chipwirikiti cha migodi: mafunso ndi mayankho

Amene tinakulira pafupi ndi madala obwerako ku Joni tinamvapo nkhani za golide wobisika. Wina ankati ali pansi pa mtengo wodindidwa chizindikiro, wina ankati ali m'phanga lotsekedwa ndi mwala, ndipo nthawi zonse mwini wake amakhala kuti anafa asanaulule malo. Nkhani zoterezi zili ku America, ku Australia, ku South Africa ndi ku Zimbabwe, ndipo zambiri zinabadwa m'zaka zimene anthu ankakhamukira kumalo kumene kwamveka golide. M'munsimu muli mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri.

Kodi chipwirikiti cha golide chinali chiyani, ndipo chinachitika liti?

Pa 24 Januwale 1848, kalipentala wina dzina lake James Marshall ankamanga makina ochekera matabwa a John Sutter m'mphepete mwa mtsinje wa American ku California. M'ngalande ya madzi anaonamo tinthu tachikasu tonyezimira. Iye ndi bwana wakeyo anayesa kubisa nkhaniyo, koma kunali ngati kubisa moto m'udzu. Pofika 1855 anthu pafupifupi 300,000 anali atafika ku California. Alimi anasiya makasu m'munda, amalinyero anathawa zombo n'kuzisiya zikuwola padoko la San Francisco, mudzi umene unali ndi anthu pafupifupi 1,000 mu 1848 koma n'kukhala ndi 25,000 pofika 1850.

Zomwezo zinabwerezeka ku Australia kuyambira 1851, ku Pilgrim's Rest mu 1873, ku Barberton mu 1884, ku Witwatersrand mu 1886 kumene kunabadwira mzinda wa Johannesburg, ndiponso ku Klondike m'dziko la Canada mu 1896.

Marshall ndi Sutter onse anafa ali osauka. George Harrison, amene amatchulidwa kuti ndiye anatulukira golide pafamu ya Langlaagte ku Witwatersrand, anagulitsa malo ake pamtengo wa mapaundi 10 n'kuchoka osamvekanso. Amene analipira mtengo waukulu koposa ndi eni nthaka. Anthu amene azungu anawapeza ku California analipo pafupifupi 150,000 chipwirikiti chisanayambe, koma pofika cha m'ma 1870 anali atatsala pafupifupi 30,000 chifukwa cha kuphedwa, njala ndi matenda. Nthano za chuma chobisika sizikamba zimenezi, n'chifukwa chake ndazitchula poyambirira.

Munthu wavutika mpaka wapeza golide. Angamukwirirenso bwanji m'malo mokagulitsa?

Mukaganizira moyo wa m'misasa ya okumba, kukwirira kunali nzeru. Banki inali kutali ulendo wa masiku ambiri, ndipo ina inkagwa pamodzi ndi ndalama za anthu. M'njira munali achifwamba. Mmodzi yekha, Charles Boles amene ankadziwika kuti Black Bart, anabera ngolo za kampani ya Wells Fargo maulendo 28 pakati pa 1875 ndi 1883. Mnzako wogona naye m'hema limodzi unali utadziwana naye dzulo lomweli. Tsono munthu ankathira golide wake m'kathumba kachikopa kapena m'chitini, n'kukamukwirira usiku patsinde la mtengo, osauza aliyense.

Vuto linali loti anthuwa ankafa msanga: kolera, maenje owakwirira, madzi osefukira, ndewu za ku mowa. Ambiri analibe mbale pafupi. Wina akafa, chinsinsi chinkalowa naye m'manda. Enanso ankabwerera patapita zaka n'kupeza mtengo uja unadulidwa, mtsinje unasintha njira. Choncho maziko a nkhanizi ndi oona: golide wina anakwiriridwadi, ndipo golide sachita dzimbiri ngakhale akhale m'dothi zaka 1,000. Chimene chimakula ndi pakamwa ndicho kuchuluka kwake.

Nkhani yotchuka kuposa zonse ndi iti?

Ndi ya mgodi wa Lost Dutchman m'mapiri a Superstition, kum'mawa kwa mzinda wa Phoenix ku Arizona. Mwini nkhaniyo, Jacob Waltz, anali munthu weniweni, Mjeremani amene anasamukira ku America n'kumayendayenda m'migodi. Atakalamba anali ndi kamunda pafupi ndi mtsinje wa Salt. Madzi atasefukira mu 1891 anadwala chibayo, ndipo ankamusamalira ndi mayi wina wochita geni mumzindamo, Julia Thomas. Anamwalira pa 25 Okutobala chaka chomwecho. Anthu amasimba kuti pansi pa bedi lake panali bokosi la miyala yodzaza ndi golide, ndiponso kuti asanatsirizike anafotokozera mayiyo njira ya ku mgodi wake wachinsinsi.

Chaka chotsatira mayi Thomas anagulitsa bizinesi yawo n'kulowa m'mapirimo pamodzi ndi anyamata awiri apachibale a banja la Petrasch. Anabwerako chimanjamanja, ndalama zitatha. Kuti apeze chakudya anayamba kujambula mapu a mgodiwo n'kumagulitsa. Taonani pamenepa: mapu oyambirira a mgodi umenewu anajambulidwa ndi munthu amene iye mwini analephera kuupeza.

Mwina nkhaniyi ikanazilala pakanapanda imfa ya Adolph Ruth. Bambo ameneyu, amene anali wachikulire ndiponso woyenda ndi ndodo, analowa yekha m'mapirimo mu Juni 1931, nyengo imene kumeneko kumatentha koopsa. Sanabwerenso. Mu Disembala chigaza chake chinapezeka chili ndi zibowo ziwiri, ndipo mafupa ena anapezeka mwezi wotsatira chapatali ndithu. Akuluakulu a boma ananena kuti anafa ndi ludzu kapena matenda, koma ena anakakamira zoti anawomberedwa. Manyuzipepala a dziko lonse analemba, ndipo m'malo moopa, anthu anayamba kupitako mwaunyinji. Ankati ngati munthu waphedwa ndiye kuti chilipo chimene akubisa. Kuyambira pamenepo mapiriwo atenga miyoyo ya anthu ambiri, ena m'zaka zaposachedwapa.

Ngati mgodiwo kulibe, Waltz golide wakeyo anamutenga kuti?

Akatswiri a miyala amati mbali yaikulu ya mapiri a Superstition inapangidwa ndi phulusa ndi chiphalaphala cha mapiri ophulika, miyala imene kawirikawiri simukhala golide wochuluka. Koma chapafupi pomwepo, ku Goldfield, golide anapezekadi m'zaka za m'ma 1890, choncho n'kutheka kuti mkuluyu ankatola kumeneko. Ena amaganiza kuti inali miyala yozembetsa ku mgodi wa eni ake. Chizolowezi chimenechi chinali chofala: wantchito ankabisa m'zovala timiyala tabwino koposa potuluka pansi. Tsono munthu wotero akafunsidwa kumene watenga golide, yankho lomutchinjiriza linali loti ali ndi mgodi wakewake kuphiri. Ndikukhulupirira kuti migodi yambiri yotayika inabadwa motere, ngati bodza lodzitetezera la munthu mmodzi limene linakhala ndi moyo kuposa mwini wake.

Kuyambira 1984 lamulo silolanso kutsegula migodi m'dera lotetezedwa la mapiriwa.

Nanga mamiliyoni a Kruger amene amatchuka ku Joni?

Iyi ndi nkhani ya nkhondo, koma golide wake ndi wa chipwirikiti cha Witwatersrand. Nkhondo ya Mabunu ndi Angelezi itabuka mu 1899, boma la Paul Kruger, pulezidenti wa dziko la Mabunu la Transvaal, linalanda migodi ina n'kumaiyendetsa lokha. Asilikali a Britain atayandikira Pretoria, Kruger anachoka kumapeto kwa Meyi 1900 kulowera kum'mawa. Pa 4 Juni, kutatsala tsiku limodzi kuti mzindawo ugwe, Jan Smuts, amene panthawiyo anali loya wamkulu wa boma, anatulutsa golide ndi makobidi kumalo osulira ndalama ndi ku banki, n'kuzikweza sitima yopita ku Machadodorp. Kumeneko boma linkagwirira ntchito m'mabogi a sitima. Kenako Kruger anawolokera ku Mozambique, ndipo mu Okutobala 1900 anakwera chombo cha nkhondo cha Adatchi chotchedwa Gelderland padoko la Lourenço Marques, kumene lero ndi ku Maputo. Anafera ku Switzerland mu 1904 osaonanso kwawo.

Mpaka apa zonse zinalembedwa. Nthano imayambira poti golide wa mapaundi mamiliyoni anatsitsidwa panjira n'kukwiriridwa kwinakwake m'chigwa cha kum'mawa kwa Transvaal, chigawo chimene tsopano ndi Mpumalanga. Kwa zaka zoposa 120 anthu akumba m'mafamu, m'mapanga ndi m'mphepete mwa njanji. Olemba mbiri amene anatsata mabuku a ndalama amati golideyo anagwira ntchito: analipirira nkhondo imene inapitirira mpaka 1902, ndipo wina anatumizidwa ku Ulaya kudzera padoko lomwelo. Umboni wina ndi woti chakumapeto kwa nkhondo Mabunu anasowa makobidi moti mu 1902 anachita kusula okha ndalama zagolide ku Pilgrim's Rest ndi zipangizo zongolumikiza, ndipo zinangokwana 986. Anthu okhala ndi mamiliyoni pansi pa nthaka sakanavutika chotero.

Kuti msilikali wina anabisa kathumba ka makobidi pothawa, zimenezo n'zotheka ndithu. Koma mabogi athunthu, ayi.

Bwanji mukukana za mabogi ndi ngolo zodzaza golide?

Chifukwa cha kulemera kwake. Golide wodzaza botolo la lita imodzi amalemera makilogalamu oposa 19. Ndowa ya malita 20 itadzaza ingalemere makilogalamu pafupifupi 390, kuposa matumba 7 a chimanga. Wina akamakuuzani kuti anthu awiri ananyamula bokosi lalikulu lodzaza golide usiku n'kukwera nalo phiri, dziwani kuti wosimbayo sanamugwirepo golide. Katundu wotero amafuna ng'ombe, ngolo ndi anthu ambiri, ndipo anthu ambiri sasunga chinsinsi.

Ndinamva kuti Lobengula anakwirira chuma, ndipo ena amati anafera kwa Mpezeni. Zikugwirizana bwanji ndi golide?

Zikugwirizana kwambiri, ndipo apa nkhaniyi yafika pakhomo pathu. Golide atapezeka ku Witwatersrand, Cecil Rhodes, Mngelezi wolemera ndi migodi, ndi anzake anakhulupirira kuti kumpoto kwa mtsinje wa Limpopo kuli wina wochuluka chimodzimodzi. Anaona maenje akale amene makolo a Ashona ankakumbamo golide, anaonanso mabwinja a Great Zimbabwe. Mu 1888 ananyengerera mfumu ya Amandebele, Lobengula, kusayina chikalata cha migodi chotchedwa Rudd Concession. Azungu amene analowa m'dzikomo mu 1890 aliyense analonjezedwa malo 15 okumbapo golide. Atapeza kuti golideyo ndi wochepa poyerekeza ndi zimene ankalota, maso awo anatembenukira ku dziko ndi ng'ombe za Amandebele, ndipo nkhondo inabuka mu 1893.

Mu Novembala chaka chimenecho Lobengula anatentha likulu lake la Bulawayo n'kuthawira kumpoto. Ali m'njira anatumiza thumba la makobidi agolide kwa asilikali omulondola, kupempha mtendere. Asilikali awiri amene analandira thumbalo anagawana ndalamazo osapereka uthenga, ndipo pambuyo pake anaweruzidwa kukakhala kundende. Ameneyu ndiye golide wa Lobengula amene ali ndi umboni wa bwalo la milandu. Nkhani ya ngolo zodzaza golide, dayamondi ndi minyanga inafala kudzera mwa John Jacobs, amene anali mlembi wa mfumuyo. Iye ankati chumacho chinakwiriridwa ndipo okumba dzenje anaphedwa. Magulu angapo anatsata mawu ake mpaka m'zaka za m'ma 1920, koma palibe linabwerako ndi kanthu. Mbiri yolembedwa imati mfumuyo inamwalira kumayambiriro kwa 1894 isanawoloke Zambezi, pamene mbiri ina ya pakamwa imati inawoloka n'kukabisala kwa Angoni a Mpezeni kufupi ndi Chipata.

Kwa Mpezeni komweko mphekesera ya golide inagwetsa ufumu. Wamalonda wina wa ku Germany, Carl Wiese, anapeza chilolezo cha malo kwa mfumuyo, ndipo chilolezocho chinathera m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration imene inakhazikitsidwa mu 1895. Ku London kunamveka kuti dziko la Mpezeni ladzaza golide. Mu Januwale 1898 asilikali a boma la Britain ochokera m'dziko limene lero ndi Malawi analowa ndi mfuti zazikulu, midzi inatenthedwa, Nsingo mwana wa Mpezeni anawomberedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Mwambo wa Nc'wala unaima mpaka 1980. Golide wochuluka amene ankamuyembekezayo sanaoneke. Mukamamva nthano za golide ngati nkhani zocheza nazo pamoto, kumbukirani kuti nthano imodzi yotereyi inatengera Angoni dziko lawo.

Ku Australia nako ziliko?

Ziliko. Mu 1929 Harold Lasseter anayamba kuuza anthu kuti ali mnyamata anaona mzere wautali wa miyala ya golide m'chipululu cha pakati pa dzikolo. Inali nthawi ya ulova waukulu, ndipo anthu anasonkha ndalama msanga. Gulu linanyamuka ku Alice Springs mu 1930 ndi galimoto ndi ndege, koma anzake ataona kuti sakuidziwa njira anamusiya. Iye anapitirira ndi ngamila, ngamilazo zinathawa, ndipo anafa ndi njala kumayambiriro kwa 1931 kufupi ndi mapiri a Petermann, ngakhale kuti eni dera kumeneko anayesetsa kumudyetsa. Mzere wa golidewo sunapezeke mpaka lero.

Ndiye kuti palibe amene anapezapo golide wobisika?

Alipo. Mu Febuluwale 2013 bambo ndi mayi ena kumpoto kwa California ankayenda ndi galu pamalo awo pamene anaona chitini chadzimbiri chitatulukira m'dothi. Anafukula zitini 8 momwe munali makobidi agolide 1,427 osulidwa pakati pa 1847 ndi 1894. Mtengo wolembedwa pa makobidiwo unali madola pafupifupi 28,000, koma akatswiri anati angagulidwe madola 10 miliyoni. Chumachi chimatchedwa Saddle Ridge Hoard. Chinalibe nthano, chinalibe mapu, ndipo amene anachikwirira sakudziwika.

Chombo cha SS Central America chinamira mu Seputembala 1857 chitakumana ndi namondwe, chikuchokera ku Panama ndi golide wa ku California. Anthu 425 anafa, ambiri a iwo okumba golide obwerera kwawo. Chinapezeka mu 1988 pansi pa nyanja, mamita oposa 2,000 kuya kwake. Ochipezawo anawerenga manyuzipepala akale ndi maumboni a opulumuka, n'kuwerengetsa za mphepo ndi mafunde. Mtsogoleri wawo, Tommy Thompson, anakangana ndi anthu amene anaikapo ndalama zawo, anathawa, anagwidwa mu 2015, ndipo anakhala m'ndende zaka zambiri chifukwa chokana kuulula kumene kunali makobidi 500.

Kuno ku Africa, paphiri la Mapungubwe pamene mitsinje ya Limpopo ndi Shashe imakumana, azungu ena anakakamiza munthu wa m'deralo kuwalozera njira yokwerera phiri limene eni ake ankaliopa ndi kulilemekeza. Munali kumapeto kwa 1932. Kumeneko kunapezeka golide wambiri, kuphatikizapo kachipembere kotchuka kokutidwa ndi golide, ka zaka za m'ma 1200. Koma amene ankafukulidwawo anali manda a mafumu. Mafupa awo anakhala zaka zambiri ku yunivesite ya Pretoria ndipo anabwezedwa kuphiriko mu 2007.

N'chifukwa chiyani nthanozi zimafanana chonchi?

Chifukwa nthano imene ingathe kutsimikizidwa imafa tsiku lomwelo. Imene imakhalitsa ndi imene yatseka makomo onse. Wodziwa malo amakhala kuti anamwalira. Mboni zinaphedwa. Mapu ali ndi mbali yong'ambika. Chizindikiro chake ndi mtengo kapena mwala wosongoka, zinthu zimene zili paphiri lililonse. Wofunafuna akalephera sanena kuti chumacho kulibe, amati anaphonya ndi mayadi ochepa, ndipo amafuna ndalama zina kuti abwerereko. Munthu amene wagulitsa ng'ombe zake n'kutha zaka 10 akukumba zimamuvuta kwambiri kuvomera pamaso pa mkazi ndi ana ake kuti panalibe kanthu. Anthu oterewa ine ndimawamvera chisoni, chifukwa ambiri anali akhama, ongofuna kuchotsa umphawi pakhomo.

Wina wandibweretsera mwala wonyezimira ndi mapu, akuti tisonkherane ndalama zokumbira. Nditani?

Musapereke ndalama. Funsani kaye chifukwa chimene munthu wodziwa pamene pali chuma akufunira ndalama zanu zochepazo. Ukathyali umenewu ndi wakale ngati migodi yomwe. M'masiku a chipwirikiti ena ankathira fumbi la golide mu mfuti n'kuwombera pathanthwe, kuti wogula malo akaona kunyezimira akhulupirire. Mu 1997 kampani ya Bre-X ya ku Canada inagwa zitadziwika kuti miyala ya ku Busang m'dziko la Indonesia inkathiridwa golide wochokera kwina isanapimidwe, ndipo anthu anataya madola mabiliyoni.

Za mwalawo, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwala wotchedwa pyrite umanyezimira kuposa golide weniweni. Mukaumenya ndi hamala umaphwanyika, pamene golide amangophwatalala. Mukaukhutiza pambale yadothi yosapaka umasiya mzere wakuda, pamene golide amasiya wachikasu. Ndipo wina akatchula zoti chumacho chili ndi mizimu yofuna nsembe, chokanipo msanga.

Dziwaninso malamulo. Ku Malawi ndi ku Zambia miyala ya mtengo wapatali ya pansi pa nthaka ili m'manja mwa boma, ndipo kukumba kumafuna chiphaso ngakhale m'munda mwanu. Ku South Africa kupezeka ndi golide wosayengedwa wopanda chilolezo ndi mlandu. Ku Malawi, Reserve Bank inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono mu 2021 kudzera ku Export Development Fund, choncho amene ali ndi golide weniweni, monga wa ku Makanjira, ali ndi kokagulitsa poyera.

Nanga m'migodi yakale ya ku Joni, golide adakalimo?

Adakalimo, ndipo ameneyu si nthano. Golide wa ku Witwatersrand sakhala m'mibulu. Ndi fumbi losaoneka bwino ndi maso, magalamu ochepa m'tani yathunthu ya mwala. N'chifukwa chake migodi ya kumeneko inkafuna manja ambirimbiri otsika mtengo, ndipo Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, inkawatenga kwathu kuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya South Africa, mpaka ndege ya Wenela inagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi 74, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu. Madala amenewo anagwira golide wochuluka kuposa wa m'nthano zonse zili pamwambazi. Anabwera ndi njinga, wailesi, bulangeti ndi chifuwa cha fumbi.

Makampani potseka migodi ankasiya zipilala za mwala zochirikiza denga, ndipo m'zipilalazo muli golide. South Africa ili ndi migodi yosiyidwa pafupifupi 6,000. M'menemo ndi mmene mumalowa anyamata otchedwa zama zama, ambiri ochokera ku Mozambique, Lesotho ndi Zimbabwe. Amatsika ndi zingwe, amakhala pansi miyezi, amagumula zipilala zomwe zikugwira denga pamwamba pa mitu yawo, ndipo amayenga golideyo ndi mekyule amene amawononga ubongo ndi impso. Phindu lalikulu limapita kwa magulu a zigawenga amene amalamulira pakamwa pa dzenje. Ku Stilfontein apolisi anatseka njira zolowetsera chakudya chakumapeto kwa 2024 kuti anthuwo atuluke. Ntchito yopulumutsa itachitika mu Januwale 2025, pa masiku ochepa okha anatulutsa anthu amoyo 246 ndi mitembo 78.